Makalata Opanda Kanthu a Lachisanu

Tadala ndi Wezi, ana anga, chipumireni pa ntchito mwakhala mukundinena kuti ndimangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yosowa poikira. Ndamva. Ndakhala pansi tsopano kuti ndilembe za ntchito imene inakulerani. Za ubwana wanga ku Zomba ndizidumpha, munazimva mpaka kutopa nazo. Mutu uno ndi wa makalata, popeza zaka zanga zonse za pa ntchito zinathera potumiza ndi kusunga mawu a anthu ena. Ndi wa munthu mmodzinso, amene ndinamulakwira kwambiri pofuna kumulemekeza.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ndinafika ku Mzuzu potsatira bambo anu, atawasamutsira kusukulu ina ya kuno. Ndinabwera ndi satifiketi yotayipa, madiresi opyapyala a kwathu kotentha, ndi mtima wodzimva kuti ndachokera kumzinda. Chifunga cha mwezi wa Juni chinanditsitsa mapewa sabata yoyamba yomwe. Tinapeza nyumba ku Mchengautuwa, ndipo ine ndinalowa ntchito mu rejisitala ya ofesi ina ya boma, m'chipinda chosungira mafayilo. Kumeneko dzina langa loti Naphiri linasanduka NyaPhiri, ndipo mpaka lero theka la mzinda uno limandidziwa choncho.

Mkulu wa chipindacho anali a Munthali, bambo wamfupi wa jekete imodzi yomweyo chaka chonse. Zinthu zinkasowa. Riboni ya makina otayipira ikauma tinkaidonthezera inki ya chidindo, kaboni tinkamugwiritsa ntchito mpaka aoneke kuwala ukamuyang'anitsa pa zenera, ndipo maenvulopu obwera tinkawamatula mosamala n'kuwatembenuza kuti apitenso ulendo wina. A Munthali sankadandaula za zimenezi. Chimene chinkawayatsa moto ndi fayilo yotuluka mosadziwika. Tsiku loyamba anandiimika pakati pa makabati n'kunena kuti, "Mama, fayilo musanaipereke kwa munthu, muzidzifunsa vinthu vinayi. Kiyi ali ndi ndani? Kope lina lili kuti? Mukaifuna muitenga bwanji? Ikasowa mugogoda pa khomo la yani?" Ndinavomera ndi mutu, mumtima ndikuti mkuluyu akuchulutsa gaga m'diwa.

Sipanapite miyezi iwiri, bwana wamkulu wa ofesi analowa yekha, a Munthali kulibe, natenga fayilo ya mlonda wina amene ankadikira kalata yomukhazikitsa pa ntchito. Anati abweza posachedwa. Ine, mwana woleredwa bwino, ndinangopinda bondo n'kumusiya apite osasaina. Fayiloyo inasowa masabata atatu, mlonda uja akubwera m'mawa uliwonse chipewa chili m'manja, ndipo inakapezeka pansi pa mpando wa galimoto ya bwanayo. A Munthali, amene "koma" ankati "kweni" monga amalankhulira anthu a kuno, sanakuwe. Anangoti, "Ulemu ndi wabwino, mama, kweni ulemu susunga fayilo. Bwana mumugwadire, mukamaliza mumupatse cholembera asaine." Mawu amenewo ndinayenda nawo zaka zambiri, n'kudzawaiwala pa nthawi imene ankafunika koposa.

Pakati pa zaka za m'ma 1990

Nditagwira zaka zisanu ndi ziwiri m'boma, a Nyirenda, mkulu wa mpingo kwathu, anandiitana kukampani yawo yaing'ono ya uchi. Ankagula uchi kwa alimi a njuchi a kumapiri, kuusefa, kuuthira m'mabotolo, n'kumatumiza kumasitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Phula ankaliumba ngati njerwa n'kugulitsa kwa opanga makandulo ndi polishi. Tinalipo anthu khumi ndi awiri. Ine ndinali sekilitale, wolandira alendo, wophika tiyi, komanso wothamangitsa njuchi muofesi. A Nyirenda anali bwana wokalipa m'mawa, masana n'kukugulira chipisi ngati sanayankhulepo kanthu.

Chaka chimene bambo anu anatisiya ndi chomwenso kompyuta inalowa muofesi. A Nyirenda anaiika pa tebulo langa, naivundukula, nanena mosazungulira: "NyaPhiri, ine ndimakukondani, kweni chinthu ichi chikufuna wana wa sukulu ya masiku ano. Ndikupatsani miyezi itatu." Tadala unali Sitandade 6, iwe Wezi sukulu unali usanayambe n'komwe. Ndinapita kuseri kwa migolo ya uchi kukalira, ndipo sindichita manyazi kunena.

Amene anandipulumutsa ndi a Msiska. Anali mnzawo wa a Nyirenda, munthu wamtali, wowonda, wosathamanga polankhula, amene kale ankakonza mafoni a m'maofesi kenako n'kutsegula kasitolo ka makompyuta ku Luwinga. Makinawo anabweretsa ndi iwo. Atandiona ndanyamula mbewa ya kompyuta m'mwamba ngati ndikuthira mchere m'ndiwo, sanaseke. "Yayi mama, ikhale pansi, iziyenda pa tebulo. Zala zanu zikudziwa kale ntchito. Chatsala ndi mantha pera." Miyezi itatu yathunthu ankabwera pa njinga yawo nthawi ya nkhomaliro, kaya kuli mvula kaya kuli dzuwa, kudzandiphunzitsa. Nditawapatsa nkhuku yothokoza anaibweza, amvekere, "Muphikire wana." Ntchito sinandithere. Mukamanena kuti munaphunzira ndi thukuta la mayi anu, muzidziwa kuti thukuta lina linali la bambo ameneyo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Imelo inabwera ndi a Msiska omwewo. Kuseri kwa sitolo yawo kunali kachipinda kopanda zenera, mmene anaikamo kompyuta yaikulu yosazimitsa imene ankaitchula kuti seva. Ntchito yake inali ya positi ofesi: kulandira makalata athu, kuwasunga, ndi kutumiza amene talemba. Analembetsanso dzina la kampani yathu pa intaneti, lija limabwera kumapeto kwa adiresi, ndipo a Nyirenda anasangalala mpaka anasindikizitsa adiresiyo pa pepala la botolo lililonse. Ofesi yonse tinali ndi bokosi limodzi la makalata. Mawu achinsinsi olitsegulira ndinawalemba kuseri kwa kalendala, monga mmene kiyi wa ku positi ankakhalira pa msomali, moti chinsinsicho ankachidziwa ndi mlonda yemwe.

Panabadwanso kamwambo. Popeza sitinkakhulupirira kuti kalata ingayende yopanda sitampa, tikatumiza imelo tinkaimbanso foni kufunsa kuti, "Yafika?" A Msiska nawo akakonza kanthu pa seva yawo ankanditumizira kakalata ka mzere umodzi: "Ndikuyesa waka. Yafika?" "Waka" pa kalankhulidwe ka kuno ndiye kuti "chabe". Ine n'kuyankha kuti, "Yafika." Tinayenda choncho bwinobwino zaka zoposa khumi, makampani aakulu kutiposa akutisirira. Ndikunena izi kuti musaganize kuti makina a bambo Msiska anali achabechabe chiyambire. Anangokalamba basi, ngati mmene tinakalambira eni akewo ndi ine.

Zaka za kuthimathima kwa magetsi

A Nyirenda atamwalira, kampani inatsala m'manja mwa mwana wawo wamkazi, Tiwonge, amene ndinamuona akukula ndipo ankanditchula kuti anti. Inali nthawi imene magetsi ankatha kuthima tsiku lathunthu, ndipo akathima ku Luwinga ndiye kuti positi ofesi yathu yatseka. A Msiska anagula kajenereta, koma kankatsokomola kuposa kugwira ntchito. Chinanso, makalata athu anayamba kugwera m'bokosi la zinyalala kwa anthu amene tawalembera, chifukwa makampani aakulu a intaneti sankakhulupiriranso maseva a kuseri kwa sitolo. Tiwonge anati tisamuke. Ine ndinati tidikire. "Bambo aja anali mnzawo wa adada ako," ndinatero, "ndipo maso awo ayamba kuvuta. Ukawalanda ichi uwasiyira chiyani?" Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kukawayang'ana kumaso.

Ndiye ndinapeza nzeru imene ndinkaiyesa yabwino. Tinatsegula adiresi ina yaulere, zija aliyense amatsegula pa foni, n'kumatumizira kumeneko makalata ofunika mwakachetechete. Kuti a Msiska asazindikire kuti kwawo kwazizira, Lachisanu lililonse ndisanaweruke ndinkalemba timakalata tisanu kapena sikisi pa adiresi yakale, kutumiza kwa Tiwonge, kwa woyang'anira nkhokwe, ngakhale kwa ine mwini, tonse tikugwera m'bokosi limodzi lomwe lija. Pamwamba ndinkalemba kuti "Lipoti la sabata ino" kapena "Chikumbutso cha msonkhano", koma m'katimo munalibe chilichonse chanzeru. Tikakumana kutchalitchi n'kundifunsa kuti, "Makalata akuyenda makora, mama?" ndinkayankha mano onse ali pamtunda, "Akuyenda bwino kwambiri, bambo." Ndinachita zimenezi zaka zitatu, ndikudziona ngati mayi waulemu.

Mapanga awiri avumbwitsa. Mabotolo athu anali adakali ndi adiresi yakale. Mayi wina wogulira zakudya mahotela angapo a ku Lilongwe analawa uchi wathu, nawerenga pa botolo, nalemba katatu kufuna kuti tizimupatsa uchi chaka chonse. Sabata imeneyo seva inali itafa, ndipo makalata onse atatu anabwerera kwa mwini wake. Atafunsa munthu wina anauzidwa kuti mwini kampaniyo anamwalira, iye n'kungoti basi inatsekedwa, napangana ndi ena. Ife tinamva patapita miyezi iwiri, nkhokwe itadzaza mpaka pakhomo. Nyengo imeneyo tinabweza alimi ndi ndowa zawo pa geti. Ndimakumbukirabe mayi wina wa ku Chikangawa akusenzanso ndowa imene anali atangoitula.

Madzulo a tsiku lomwelo Tiwonge anatseka chitseko cha ofesi. "Anti, ndakumverani zaka zitatu. Sono mundimvere ine. Anthu khumi ndi awiri amadya pano, osawerengera alimi. Ndikukupatsani masabata awiri, mupeze kampani yotisungira maimelo. Musankhe ndinu, makalata ndi anu. A Msiska ndiwalembera ndekha, two lines, basi."

"Ayi," ndinatero. "Munthu wamkulu sachotsedwa ndi kalata. Ndipita ndekha."

Masabata awiri aja

Za maseva sindinkadziwa zambiri, koma safunsa anadya phula, ndipo ife a kampani ya uchi tinkadziwa bwino mmene phula limamvekera m'kamwa. Ndinatenga kope n'kulembamo mafunso anayi a bambo Munthali, nditangowasinthira zovala. Dzina la kampani pa intaneti lilembedwa kwa yani? Makina anu akapsa, kope lina la makalata lili kuti? Tikafuna kuchoka, titenga makalata athu onse? Zikavuta tiimbira ndani, ndipo ayankha?

Oyamba anali kampani yaikulu yakunja imene Tiwonge ankaikonda. Zinthu zawo zinali zooneka bwino, malo osungira ambiri, ndipo mayankho a mafunso atatu anali olembedwa poyera ndisanafunse. Pa funso lachinayi ndi pamene tinasiyana. Ndinafunafuna nambala ya foni masana onse, n'kungopeza kabokosi kolembamo dandaulo, ndipo anandiyankha ndi makina aulemu kwambiri amene sanamve chimene ndinafunsa. Ankafunanso kulipidwa ndi khadi m'ndalama zakunja, zimene nthawi imeneyo zinkavuta kupeza. Sindikuti anali oipa. Kwa kampani yokhala ndi munthu wakewake wa makompyuta akanakhala abwino, koma ife munthu wathu wa makompyuta ndi yemwe tinali kumusiyayo.

Wachiwiri anali bambo wina wa m'tauni momwemuno, wa suti yonyezimira, amene anabwera yekha atamva mphekesera. Chaka choyamba ndi chaulere, anatero, ndipo zonse atichitira, ife tisavutike ndi kanthu. Nditafunsa za dzina lija, anati alilembetsa m'dzina la kampani yake kuti zinthu ziphweke. Nditafunsa kumene makina ake ali, anati ali mumtambo, uku akuloza kudenga. Ndinati, "Achimwene, ndikufunsa nyumba yake. Ikapsa, makalata athu tikawatola kuti?" Anaseka kwambiri, nalumbira kuti zake sizinaimepo chiyambire, koma funsolo sanaliyankhe. Ndinamupatsa tiyi n'kumuperekeza pa geti.

Achitatu anali kakampani ka ku Lilongwe, kamene anandiuza mnzanga wina wogwira ntchito pa kachipatala ka munthu. Awa ndinawayesa mwadala Loweruka masana, nthawi imene munthu aliyense wanzeru amakhala ku ukwati kapena kumsika. Foni inaitana kanayi, n'kuyankha mayi wina, kumbuyo kukumveka nthungululu. "Pepani mayi, ndili pa chinkhoswe cha mng'ono wanga. Ngati makalata aima, ndipatseni mphindi khumi ndituluke." Ndinati palibe chaima, ndikungofunsa. Anatulukabe. Anandiuza mosabisa kuti makinawo si awo, amachita lendi malo m'nyumba ziwiri za makompyuta kunja kwa dziko, kuti ina ikavuta inayo igwire ntchito. Anati dzina likhala la kampani yathu ndipo kiyi wake tisunga tokha, tikafuna kuchoka makalata titenga onse, komanso wantchito aliyense akhala ndi bokosi lake ndi mawu ake achinsinsi. Nditamuuza za kalendala yathu anati, "Mayi, imeneyo muiwotche." Ndinamufunsa ngati zinawavutapo. Anati inde, chaka chathacho makalata anaima theka la tsiku, ndipo anafotokoza chimene chinalakwika ndi mmene anachikonzera.

Lolemba ndinamuuza Tiwonge kuti ndasankha a ku Lilongwe. Anagwira m'chiuno. "Anti, mukusiya kampani imene dziko lonse likugwiritsa ntchito chifukwa chakuti mayi wina anatuluka pa chinkhoswe?" Ndinati eya. Tsiku limene makalata adzaime, iye adzakhala ali kumapiri kogula uchi, ine ndili ndekha muofesi ndi Chingerezi changa cha ku tayipi, ndipo ndikufuna munthu woti ndimukalipire m'Chichewa n'kundimva. "Nanga mayiyo akadzakalamba, kapena kutseka? Si tidzakhalanso ngati lero?" Linali funso labwino, ndipo ndinamuuza choncho. Ndinati n'chifukwa chake dzina ndi kiyi zikhale kwa ife, kuti tsiku lochoka likadzafika tidzanyamuke tokha. Anaganiza pang'ono, navomera.

Panatsala chinthu chimodzi. Dzina lathu la pa intaneti linali lolembedwa kwa a Msiska, ndipo makalata a zaka zonse anali m'kachipinda kawo kaja. Popanda iwo kuvomera ndi kupereka kiyi, sitikanasuntha.

Lachiwiri lina, ku Masasa

Ndinapita kunyumba kwa a Msiska masana, nditanyamula botolo la uchi, paketi ya shuga, ndi pepala la mgwirizano wa kampani ya ku Lilongwe ija. Kunali kutagwa mvula, njira zotsetsereka za ku Masasa zili matope okhaokha, moti ndinafika nsapato zili m'manja. Kawiri konse ndinaima panjira kufuna kubwerera. Akazi awo, NyaGondwe, anandilandira, natipatsa mipando pakhonde, iwo n'kukhala pa mkeka chapatali. Tinapatsana moni wautali, wa ana, wa matenda, wa mvula. Kenako mawu onse amene ndinakonza m'minibasi anathawa, ndinangoti, "Bambo, ndabwera kudzapempha makalata athu."

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Yewo," anatero. "Mwachedwa chomene."

Sindinamvetse. Anapitiriza mofatsa, mmene ankandiphunzitsira kompyuta. "Seva imalemba vyose, mama. Kalata iliyonse yolowa ndi yotuluka ine ndimaona mzere wake. Za m'kati sindiwerenga, yayi, kweni ndimaona. Ndinaona makasitomala akusiya kulemba mmodzimmodzi. Ndinaona kuti kwatsala Lachisanu pera, folo koloko, makalata asanu kapena sikisi, onse ongozungulira muofesi mwanu momwemo. Zaka zitatu."

Ndinali ngati mwana wogwidwa dzanja lili mumphika. Ndinati ndinkaopa kuwakhumudwitsa, ndiponso kuti miyezi itatu ija sindinaiiwale.

"Nane ndinkaopa," anatero. "Ndinkati, NyaPhiri akuvutika kundisungira ulemu, ine ndizimitse makina ndimuchititse manyazi? Ndiye ndinkangogula petulo."

Apa NyaGondwe analankhula osadzutsa mutu. "Auzeni za ku Hewe." A Msiska anati zimenezo azisiye, koma mayiwo sanasiye. "Akulu awo atamwalira kumudzi ku Hewe, awa anapita Lachitatu, tinaika Lachinayi, Lachisanu m'mamawa ali pa lole kubwerera, eti jenereta ilibe woyatsa. Anthu adakali pa siwa, nkhani za pabanja zisanakambidwe. Abale mpaka lero amati anathawa maliro. Zaka zitatu izi sanagoneko kumudzi masiku atatu otsatizana, chifukwa cha makalata anu a Lachisanu."

Ana anga, manyazi ndinawaonapo pa moyo wanga, koma a tsiku limenelo anali ena. Ine ndinkati ndawanyamula bambowa, osadziwa kuti ndawakwera pamsana. Timakalata topanda kanthu, tolembedwa mphindi zisanu ndikudikira kuweruka, tinachotsa munthu pa maliro a mkulu wake. Ndinagwada pa simenti yonyowa ija n'kupepesa. Sanandiuze kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kanalipo.

Anangoti, "Tiyeni tione pepala lanulo." Anatumiza NyaGondwe kukatenga galasi lokulitsira zilembo, nawerenga mgwirizano wonse mzere ndi mzere. Pa tsamba lachitatu anaika chala. "Apa akuti mukachoka amafufuta makalata pakatha masiku seveni. Ndi ochepa chomene. Muwauze alembe mwezi wathunthu, ndipo azikupatsani kope lanu miyezi itatu iliyonse, muzisunga mu kabati. Vinyake vili makora. Mwasankha bwino." Funso lachitatu la a Munthali ndinali nditalifunsa pakamwa pokha, osaliyang'ana papepala. Kenako analemba mawu achinsinsi a dzina lija pa kapepala, nakapinda, nandipatsa ndi manja awiri. Uchi ndi shuga analandira. Pondiperekeza anafika pa mpanda pokha, osati kumsewu monga ankachitira kale.

Chaka chotsatira

Kusamuka kunatenga Loweruka limodzi. A Msiska anagwira ntchito ndi mayi wa ku Lilongwe uja pa foni, makalata a zaka zonse anawoloka osatayika ngakhale imodzi, ndipo ndime ya masiku seveni ija inasinthidwa monga ananenera. Kalendala ndinaiwotcha. Tiwonge anavomera pempho langa limodzi, loti pa mabokosi atsopanowo pakhale lina la dzina la a Msiska. Mawu olitsegulira ndinawapatsira NyaGondwe kutchalitchi. Bokosilo silinatsegulidwe.

Mayi wa mahotela uja sanabwerere, koma ena analemba ndipo makalata awo anafika. Kampani ilipo mpaka lero, ndipo alimi sabwezedwanso pa geti. Za ine ndi a Msiska ndi zimene sizinakonzeke msanga. Tikakumana tinkapatsana moni woyenera, "Monire mama," "Zikomo bambo," basi aliyense ulendo wake, ndipo zinkandipweteka. Sitolo ya ku Luwinga anaisiyira ena, kenako ndinamva kuti apita ku Hewe. Anakhalako miyezi inayi, anamanga chiliza cha mkulu wawo, nakhala pansi ndi abale. Ndinkafuna kuwalembera, koma ndinali nditalemba makalata abodza ambiri moti sindinkadziwa poyambira yoona.

Munali mu Ogasiti, Lachisanu, kutatsala pang'ono kuti ndiweruke, nthawi yomwe ija ndinkalemba timakalata tanga. Pa kompyuta panatulukira kalata yochokera ku bokosi lija linakhala miyezi yonseyi losatsegulidwa. Munali mzere umodzi: "Ndili kukaya ku Hewe, netiweki ikuvuta. Ndikuyesa waka. Yafika?"

Ndinakhala nthawi yaitali zala zili pa mabatani, zala zomwe zija anati zikudziwa kale ntchito. Tiwonge anandipeza ndikupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nafunsa ngati makalata aimanso. Ndinati ayi, akuyenda bwino, ndipo ulendo uno sindinkanama. Ndinalemba kuti, "Yafika, bambo."